Lachinayi ku Tartu

Dzuwa lalowa isanakwane folo koloko,
chisanu chamata mawindo a ofesi,
ife tidakali pa funso la Lolemba lija:
Java kapena Kotlin?

Ndi ana a mimba imodzi awa,
amagona m'makina amodzi, amabwerekana zovala,
koma Priit ndi Maarja akokana sabata yonse.

Priit wamerera imvi pa Java.
Zala zake zimadziwa njira ngakhale magetsi atazima.
Akuti chilankhulo cholongolola sichibisa mawu kukhosi.
Maarja akumutembenuzira sikirini:
mizere yanu makumi anayi, yanga isanu ndi iwiri,
ndipo pakakhala dzenje chimandichenjeza ndisanagweremo.

Ine ndili pakati, khofi wandizizirira m'manja,
kuno ndavomera, uko ndavomeranso.
Mapanga awiri avumbwitsa, ndikudziwa.

Ntchito yake si yaikulu:
pulogalamu yoitana opereka magazi
nkhokwe ya chipatala ikaphwa.
Dzulo tinati aliyense alembe kagawo komweko
m'chilankhulo chake, tione.
Lero Eha, namwino wa usiku, wabwera ndi mayina,
nsapato zake zikudontha pa kapeti.

Onse awiri athamanga bwino.
Onse awiri adumpha munthu mmodzi:
Juhan Kask wa ku Elva,
wa magazi osowa aja,
amene alibe foni,
amene uthenga umamupeza kudzera kwa mnansi woweta njuchi.
Dzenje lija onse analiona, onse analilambalala,
munthu ali momwemo.

Zii.
Kafani ka kompyuta kokha ndi kamene kakupuma.

Eha sakufunsa dzina la chilankhulo.
Akuti: ikadzafa usiku wa Khirisimasi
ndidzadzutse yani?
Nanga wodzutsidwayo, tulo tili m'maso,
adzatha kuwerenga zimene analemba mnzake?

Priit wavula magalasi,
akuwapukuta nthawi yaitali kuposa litsiro lake.
Zanditsalira zaka ziwiri pano, akutero,
wodzutsidwayo sadzakhala ine.
Wakokera mpando kufupi ndi Maarja:
ndiphunzitse, koma usathamange.

Maarja wayang'ana mizere yake yochenjera ija,
wafufuta yonse,
walemba khumi ndi itatu
yoti ndi wotopa yemwe aimve.

Ine ndawonjezera kabokosi kamodzi,
ka nambala ya mnansi.
Eha wamanga mpango m'khosi,
basi ya kuchipatala siyembekeza munthu.