Pansi pa Bala, Lachiwiri Madzulo

Ogasiti akafika, mzinda uno sukhalanso wathu.
Misewu imadzaza ndi opaka nkhope, omeza moto,
oyenda pa mitengo italiitali,
aliyense kukusomeka kapepala m'manja
ngati uli naye ngongole.
Zaka makumi atatu ndikuyendetsa basi mu Edinburgh,
chikondwerero kwa ine n'kuchedwa pamsewu basi.

Tsiku limenelo inandilowetsa ndi mvula.
Masitepe khumi ndi anayi kutsikira pansi pa bala,
fungo la mowa wotayika ndi majekete onyowa,
mipando makumi anayi, anthu asanu ndi awiri.
Mnyamata wapakhomo anandilozera kutsogolo kwenikweni,
pamene ochenjera sakhalapo.

Kunatuluka mtsikana wowonda, Elspeth Rennie,
maikolofoni ikunjenjemera m'dzanja lake.
Nthabwala yoyamba inagwa pansi, osadzuka.
Yachiwiri inaitsatira kumanda.
Zii.
Tinamva madzi akuyenda m'mapaipi a kudenga.
Wina kumbuyo anatsokomola, mwina mwachifundo.

Anapukuta thukuta, n'kuzitaya zonse zimene analoweza.
Bambo anga atamwalira, iye anatero,
tinapeza mababu zana limodzi m'kabati mwawo,
atsopano, osatsegula,
munthu amene ankatizimitsira magetsi tili m'bafa!

Sindikudziwa kumene chinachokera.
Chinayambira m'mimba, chokhosomola,
ngati injini yogona panja m'chisanu,
kenaka chinalira chokha, osagwirika.
Ndinaona dirowa ya Ishbel kukhitchini,
timapepala ta pulasitiki topindidwa bwinobwino,
mazanamazana, tosungira tsiku limene sanalione.
Chiyambire Febuluwale sindinaitsegule.
Chiyambire Febuluwale mano anga sanaone kunja.

Mtsikana anaima, kundiyang'ana.
Bambo, muli bwino? Tiitane ambulansi?
Ndinagwedeza mutu, misozi ili chuchuchu.
Mumagwira ntchito yanji?
Ndinamuuza.
Aa! Ndinu amene mwandisiya pasiteji kawiri sabata ino,
ndikuthamanga, ndikukuwa, mapepala anga akuuluka!
Chonde, pasiteji ino musandisiyenso.

Apo chipinda chinaphulika.
Anthu asanu ndi awiri tinamveka ngati bwalo la mpira.
Mayi wa chipewa chofiira anandimenya paphewa
ngati tinakulira nyumba imodzi.
Zotsatirazo sizinali zabwino zonse, ndisaname.
Ina ya agalu inatalika mpaka kutopetsa.
Koma tinali titakwera kale, tinapita naye mpaka kudepoti.

Potuluka anaima yekha pakhomo ndi chidebe,
nkhope yotuwa, wamng'ono kuposa mmene ndinamuonera.
Ndinaponyamo mapaundi khumi, ndalama ya chakudya chamadzulo.
Ndinafuna kumuuza za Ishbel,
koma kumbuyo kwanga ena ankadikira,
ndipo oseketsa otsatira ankakonza kale mipando.

Dirowa ija sindinaitsegulebe.
Koma m'mawa mwake pa Leith Walk
ndinaona pagalasi munthu akuthamanga ndi chikwama,
sanali iye, anali bambo wina wadazi.
Ndinali nditachedwa kale ndi mphindi zisanu ndi zinayi.
Ndinatsegulanso chitseko,
n'kudikira.