Mwezi Woonera Njovu

Pa khoma la nyumba yathu ku Kawale
pali kalendala ya sitolo ya zitsulo.
Chaka chake chidatha kalekale
koma njovu ya pachithunzipo idatsala,
yada ndi utsi wa mbaula.
Ndaona adayamba kuilozera ali sitandade 2.
Pano ali sitandade 7
ndipo sanaonebe njovu yopuma mpweya.

Ndidamulonjeza Kasungu
tsiku lolandira malipiro, pakamwa pali mafuta.
Lonjezo la tsiku lotere silichedwa kutuluka.

Chimwaza, mnzanga woyendetsa alendo
pa galimoto ya matayala onga a thirakitala,
amati usapite dzinja.
Udzu umapitirira munthu,
njati imagona pamphuno pako iwe osaiona,
msewu umasanduka phala.
Madzi ali m'chithaphwi chilichonse,
ndiye nyama idzamwerenji pamaso pako?
Akafika pa botolo lachiwiri mawu amatembenuka:
dzinja ndi pamene tchire limavala,
nswala zimayenda ndi tiana tonjenjemera miyendo,
mbalame zochokera kutsidya kwa nyanja zimadzaza mitengo,
pachipata sipakhala mzere.
Ndiye ndigwire ziti, Chimwaza?
Iye amangoseka, nkuitanitsa lachitatu.

Sindimuuza kuti dzinja la kwathu ndi fizi,
ndi denga lodontha pamwamba pa bedi,
ndi thumba la feteleza
limene limameza njovu zonse za ku Kasungu
ndi minyanga yomwe.

Mu Juni ndidatsala pang'ono.
Ndalama ndidaipinda m'sokosi,
Nachisale adachapiratu majuzi
poti akuti kumeneko m'mawa mano amaombana.
Lachinayi foni idalira kuchokera ku Mitundu.
Ndalama ya njovu idagula matabwa a bokosi,
majuzi aja tidakavala pa siwa.

Tsopano ndi Okutobala.
Jakaranda wayala maluwa m'misewu ya ku Eriya 3,
mtsinje wa Lilongwe waonetsa miyala yake
pansi pa mlatho wa ku msika,
nyenje zikuboola makutu,
fumbi la minibasi likutsatira munthu mpaka m'nyumba.
Chimwaza akuti ino ndiyo nthawi.
Lupsa ladutsa, tchire lili mbee,
ludzu laitana zonse pa damu la Lifupa,
njovu, njiri, mphalapala,
kuima moyang'anizana ngati amayi pa mpopi
madzi atasowa masiku atatu.
Koma dzuwa lake limasenda khungu, akutero,
mukafike kusanache, mutenge zipewa.

Dzulo ndidapeza Ndaona atakwera pampando.
Walemba ndi bolopeni pansi pa mwendo wa njovu ija:
Loweruka.
Sadalembe kuti Loweruka liti.
Adadi, adatero osatembenuka,
chizimalupsa akagwa mudzati tidikire kuume,
kukauma mudzati tidikire kuzizire.
Njovu zilipo miyezi yonse.

Usiku ndidayala ndalama pabedi.
Ya basi kupita, ya basi kubwera,
ya pachipata, ya madzi akumwa.
Idathera pa boma la Kasungu,
msewu wa fumbi wopita kutchire udakali patsogolo.
Nachisale adaiyang'ana nthawi yaitali,
kenako adamasula mfundo ya chitenje,
naikapo yake ya banki mkhonde
imene ankasungira poto watsopano.
Poto wakaleyu ndidzamatanso, adatero.
Inu mukaone ngati makutu ake ndi aakuludi chonchi.

M'mawa uno kumbali ya phiri la Bunda
mitambo yayamba kuunjikana, yakuda kunsi.
Anthu pa depoti akuinunkhiza, akukangana:
ena akuti igwa mawa,
ena akuti ndi yongoopseza.
Ine ndaima pansi pa mthunzi wa chikwangwani
ndi foni yotsala mayunitsi ochepa,
ndikuimbira Chimwaza
kuti ngati kumbuyo kwa galimoto yake,
pakati pa zikwama za alendo ndi tayala lapadera,
pangapezeke malo a anthu awiri,
mmodzi wamng'ono.

Ikuitana.