Mawu Mazana Atatu

Akuti mawu asapitirire mazana atatu.
Ine ndili nawo mazana asanu ndi kanthu,
ndipo magetsi anathima masana.
Bangula yense ali thukuta kamukamu,
malata akuthetheka pamutu panga,
laputopu yobwereka kwa a Fulukiya
yatsala ndi mpweya wa theka la ola.

Zaka ziwiri ndakhala ndikusaka malire
pomwe pinthu pimasanduka zinthu,
pomwe pyadidi amasintha malaya n'kukhala zabwino.
Ndinkayesa ali pa geti la sukulu,
poti ana amalowa ndi pi, n'kuweruka ndi zi.
Kenako madzi anabwera usiku,
a ku Makhanga anathawira kumtunda, m'matenti,
malire aja anawasenza pamutu
pamodzi ndi mphasa ndi nkhuku.

Zonsezi akuti m'ndime imodzi, m'Chingerezi,
kuti akatswiri a zilankhulo aone
ngati ndikuyenera mpando ku msonkhano wawo.

Ndayamba kudula.
Ndachotsa udzudzu wa ku Chiromo.
Ndachotsa tsiku lija foni inagwera m'matope
mawu onse a mayi Nyamithambo ali momwemo,
ine n'kuikwirira mu mpunga masiku atatu
ngati ndikudikira kuti imere.
Ndachotsa phwete la amayi pa mjigo
nditafunsa kachinayi kuti abwerezenso,
wina nati, "Aphunzitsi,
makutu munawapinyolitsa ku Zomba?"

Atsala mazana atatu ndi khumi ndi awiri.

Pansi pa tsamba alembanso kuti dzina lisaoneke,
oweruza angakondere.
Langa ndafufuta osamva kanthu,
ndani angakondere mphunzitsi wa Fomu Thu
wa choko m'zikhadabo?
Koma a Luwizi Khembo,
amene anandiolotsa Shire kakhumi ndi kanayi
osalandira olo tambala,
akutchula dzina la bango lililonse,
akundikonza lilime ndi nsonga ya nkhafi,
tsopano ndi Wolankhula Wachitatu,
mwamuna, zaka makumi asanu ndi limodzi.

Tsiku lomaliza anandifunsa,
"Anthu ophunzirawo akakhala angati?"
Ndinati mwina mazana awiri.
Anakapa madzi ndi chigubu chodula, nati,
"Basi ukawauze kuti mwadiya wanga ukudontha."
Ndinalonjeza.
Ndayesa kuulowetsa uthengawo pakati pa njira ndi zotsatira,
sukukwana.
Ngakhale m'mawu ofunika asanu aja a kumapeto
mulibe malo a phula ndi misomali.

Mazana awiri, makumi asanu ndi anayi, ndi asanu ndi anayi.
Latsala danga la liwu limodzi.
Ndalisiya lopanda kanthu.

Netiweki ya kuno imagona pa njanje yakale,
ndiye ndakwera mtumbirawo mumdima,
foni m'mwamba ngati ndikuitana basi,
laputopu pa bondo, udzudzu pa akakolo.
Kampira kaja kakuzungulira,
kakuzungulira,
ng'ombe za wina zikupumira m'khola pafupi,
galimoto ya nzimbe yadutsa kulowera ku Nchalo,
kakuzungulirabe.
Kwatsala mphindi zisanu ndi zitatu kuti tsiku lithe.

Kenako: talandira.
Ndinu nambala handiredi fote seveni.
Yankho mudzamva mu Febuluwale.

Febuluwale!
Iwo sadziwa kuti mwezi umenewo kuno
munthu salonjeza komwe adzagone.

Potsika ndapeza mlonda wa pa sitolo ya thonje,
a Zuze, atakhala pa ndowa yovundikira.
Anandiona ndikukwera, sanafunse.
Tsopano akuti, "Pyafamba?"
"Zayenda," ndayankha,
n'kupitirira mapazi khumi.

Ndaima.
Zaka ziwiri, njinga, matope, mabatire,
kusaka m'makamwa mwa anthu ena,
chonsecho malirewo ndinali nditawaluma ndekha
pakati pa mano ndi lilime,
ndipo chidule chapita kale.