Munda Wopanda Dothi ku Moatize

Ndinatsika ku Domwe khasu lili m'thumba,
mpini ndinausiya, ndinati sindidzaufunanso.
Kuno bwalo langa ndi mwala ndi fumbi la malasha,
ukalasa pansi, pansi pamakubwezera.
Ndiye ndinayala mapaipi anayi pamatabwa,
ndinawaboola ndi chitini chamoto,
bowo lililonse letesi wake,
mizu ili lendee m'madzi ngati ndevu za tonde.

Mgolo woyamba unali wabuluu.
Gaudensiyo wa pamsika analumbira, chala kumwamba,
kuti munkakhala mafuta ophikira basi.
Ndinautsuka katatu ndi sopo, kachinayi ndi phulusa.
Koma pulasitiki saiwala.
Dzuwa likaugunda unkapuma kafungo ka kugalaja,
kaja kokanirira kukhosi,
ndipo masamba anayamba kupsa m'mphepete
ngati kalata yoiwalidwa pafupi ndi mbaula.
Mametikali mazana asanu ndi atatu.
Lero mumagona nkhuku yofungatira.

Kenako thanki yoyera, yatsopano, ya m'sitolo,
yoti uli kunja umaona pamene madzi alekeza.
Ndinainyadira. Sindinaganize
kuti polowa diso langa, dzuwa nalo lilowa.
Masabata awiri osatha, ndere zinafika osaitanidwa,
zinakhala pansi n'kuyamba kudya feteleza wanga,
yemwe ndinkayeza ndi kasupuni ka mankhwala a mwana.
Pampu inatsamwa.
Letesi anangoti chikasu, kundiyang'ana.

Ndinaipaka penti yakuda. Ndere zinafera mumdima.
Ndinagona tulo.

Ndiye Okutobala.
Amene sanauone mwezi umenewu ku Tete
asandiuze za kutentha.
Mbuzi zimabisala kunsi kwa malole,
Revubwe amaonda mpaka kuonetsa nthiti za mchenga.
Felizimina pochokera kusukulu
anapisa dzanja m'thanki, nalibweza msanga:
Ababa, mwateleka tiyi wa ndani?
Ndinazula mmera umodzi.
Mizu ija, yoyera ngati mano a khanda,
inali bii, yoterera ngati therere logona,
fungo lake la dzira losukusa.
Mzere wonse unali utawerama,
kufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi.

Madzulo ndinakhala panjerwa, osayankhula.
Sitima ya malasha inadutsa, ndinawerenga mabogi
mpaka ndinasokoneza.
Zatha, galu wathu, anali kufukula pansi pa msawu,
kufukula, kufukula,
nagonetsa mimba m'dzenjemo, naleka kuwefuka.
Ndinamuyang'ana nthawi yaitali.

M'mawa ndinakagula mpini.

Masiku atatu. Khasu linalephera, ndinabwereka piki.
Mayi Peripetuwa anasuzumira pampanda wa malata
nafunsa ngati pagwa zovuta.
Ndinati ayi, ndikuika wamoyo.
Tinaitsitsa ndi zingwe, anthu anayi,
ndinaikwirira mpaka m'khosi,
pamutu pake masaka ndi mphasa yakutha.
Mapaipi ndinawakulunga makatoni,
madzi onse ndinataya, ndinayambira pachiyambi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, kusanache bwino,
ndinanyamula kamtsuko kamodzi, tochi kukamwa.
Pakati pa zovunda panatuluka kamuzu,
kamodzi, koyera, kochepa kuposa ulusi wa pakolala.
Sindinauze munthu. Ndinakabwezera pang'onopang'ono.
Ndinapisa dzanja m'thanki mpaka m'chigongono,
madzi ali zii ngati a pachitsime cha kwathu.

Lamlungu bambo anaimba, mawu akudukaduka.
Mbatatesi yachita bwino chaka chino, anatero,
nanga munda wako uja wopanda dothi?
Ndinayang'ana matuza m'manja mwanga,
mulu wa miyala umene ndisanapeze kokautaya,
Zatha atagona pamasaka, pozizira.
Ndinati, dothi lilipo, bambo,
kungoti ndalipatsa ntchito ina.
Anaseka, anatsokomola, mayunitsi anatha.