Manambala a Bambo Caudill

Kuchokera ku Hazard ndi ola limodzi
ngati mtsinje sunakwere pa mlatho,
kenako mtunda wa miyala, agalu awiri,
ndi nyumba yotsamira phiri ngati munthu wotopa.

Bambo Orville Caudill anakumba malasha
zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Tsopano malashawo ndiwo akuwakumba iwo,
m'chifuwa, usiku uliwonse,
ndi kafosholo kosatopa.

Ndinafika ndi katoni mu Okutobala:
sikelo, lamba wa pamkono,
kachipangizo kopana chala kowerenga mpweya m'magazi,
ndi galasi lathyathyathya lotha kulankhula.
Anandiyang'ana ngati ndabwera kudzagulitsa inshulansi.
"Dokotala amene sangamve fungo la thukuta langa
adziwa chiyani za ine?"

Netiweki imagwira malo amodzi okha m'nyumbamo,
pamwamba pa firiji,
pafupi ndi chithunzi cha malemu Glenna.
Ndiye m'mawa uliwonse ankaima pamenepo,
chubu cha okosijeni chikukwawa m'mbuyo mwawo,
chala m'kamwa mwa kachipangizo,
kudikira.
91. 90. 91.
Lachiwiri lina, chipale chofewa chitatseka msewu, 84.

Sizinathe mphindi khumi, galasi linalira.
Namwino Tamika Breathitt, ku Lexington uko,
kapu ya khofi ili pambali:
"Khalani pansi, bambo. Ndionetseni akakolo."
Mwamuna amene sanavulepo nsapato pamaso pa mlendo
anakweza phazi lotupa pampando,
nalilozetsa kwa mkazi wosam'dziwa
kuseri kwa mapiri khumi ndi awiri.
Anaseka mpaka chifuwa chinawalanda chisekocho.
Mankhwala ndinakwera nawo ine, wapansi.

Kuyambira pamenepo anayamba kumeta ndevu Lachiwiri.
Ankamuuza Tamika za tomato,
za galu wamkulu amene wayamba kugontha,
zinthu zoti sanafunsidwe.

Koma ndalama za opereka thandizo zili ndi tsiku lobadwa
ndi tsiku lomwalira, zonse pa tsamba loyamba.
Miyezi khumi ndi isanu ndi itatu.
Mu lipoti ndinalemba zoona:
maulendo a ambulansi atsika,
anali asanu, tsopano ndi umodzi.
Ndinafufuza fomu yonse, kutsogolo ndi kuseri,
sindinapeze kabokosi kolembamo za ndevu.

Lero ndabwera ndi katoni yomwe ija, yopanda kanthu.
Ndapeza galasi alipukuta kale,
nthambo aikulunga bwinobwino
monga ankakulungira chingwe cha nyale ya kumgodi.
Andionetsa kope limene Glenna ankawerengeramo mazira:
pansi pa mazira omaliza, manambala awo onse,
a pensulo, tsiku ndi tsiku, osadumpha ndi Khirisimasi yomwe.
Kopana chala agula kawo ku sitolo ya mankhwala,
madola khumi ndi asanu ndi anayi.

"Kuwerenga ndiziwerenga ndekha," akutero.
"Koma ndiziuza ndani?"

Ndalemba nambala ya foni yanga pachitseko cha firiji.
Zimenezi sizili m'kalata yanga ya ntchito.
Ndalankhulanso ndi Jolene wa positi:
azidzaimba hutala kawiri akafika pa geti,
iwo azikweza dzanja pawindo.
Dzanja likapanda kukwera, aziimbira ine.
Pempho lina tatumiza. Yankho akuti Ogasiti.
Mapapo sadziwa kuwerenga kalendala.

Potsika, katoni ili pampando wakutsogolo,
ndaimanga lamba ngati mwana.
Mitengo ya m'mbali mwa khwawa yachita maluwa ofiirira
osapempha chilolezo kwa aliyense.
Pokhota paja, pamene netiweki imabwerera,
china chake chadzuka m'katonimo,
chawala pansi pa chivundikiro,
n'kufunsa ndi mawu aja osasintha:
mwadzuka bwanji lero,
chonde ikani chala.