Amalinyero a Pafumbi

Kaundula ndili naye ine.
Chikuto chinadyedwa ndi chiswe, koma mayina alipo,
khumi ndi awiri, inki yabuluu,
dzanja la Sajeni Kamphinda
amene atapuma usilikali wa pamadzi
anabwerera kwawo kuno ku Kasungu
ndi wenzulo, chingwe chachitali,
ndi bondo lolosera mvula.

Loweruka lililonse tinkafola kuseri kwa chigafa cha fodya.
Kumanzere, kumanja, fumbi mpaka m'mano.
Mfundo zisanu ndi ziwiri tinaphunzirira pa mtengo wa mango,
kupalasa tinaphunzirira pa benchi,
nkhafi zikukumba mphepo.
Anyamata a kabaza ankaima dala:
"Amalinyero, nyanja mwaisiya kuti?
Kapena ibwera pa basi ya madzulo?"
Sajeni osawacheukira n'komwe.
Ankangoti, "Bwerezani."

Boti tinalikhoma tokha,
matabwa a bulugama, phula lopempha kwa okonza msewu.
Ngolo ya Gelesomu inalikokera ku damu.
Linamira tsiku lomwelo, m'madzi olekeza m'chiuno,
Dzoole atanyamula mbendera m'mwamba ngati khanda.
Tsamba lachinayi likungoti:
"Zoyeserera zinachitika."

Pali tsamba lina lofufuma, zilembo zake zinasungunuka.
Ndi la usiku uja wa Febuluwale
pamene mtsinje wa kumunsi kwa esiteti unaiwala njira yake
n'kulowa m'nyumba za matenanti osaodira.
Boti silinapite, linali litasanduka khola la abakha.
Chinapita ndi chingwe.
Mfundo ya pa mango ija inaluma pa mkuyu,
ndipo tinawolotsa anthu mmodzimmodzi mumdima,
amayi asanu ndi mmodzi,
ana sindinawerenge,
mbuzi imodzi yomwe mwini wake anakana kuisiya.
Zikani Nyirongo anabwereranso
atamva ngati mawu a mwana kutsidya.
Tinamupeza Lachiwiri, m'bango.
Sajeni sanadule dzina lake.
Anangolemba pambali pake: "Ali pa ulonda."

A kabaza anakhala chete miyezi iwiri,
kenako anayambiranso, koma chapansipansi.

Gululo linatha ngati madzi a m'chithaphwi,
osatsanzika.
Awiri ku Joni, wina geni ya zitenje kumalire,
Dzoole analowa mpingo woletsa kuguba.
Loweruka lina tinafola atatu,
lina ndinafola ndekha, n'kuchita manyazi ndi nkhuku.
Sajeni tinamuika mu Okutobala,
dothi lofiira lili gwa, makasu akulira ngati agunda chitsulo.
Wenzulo anapita nayo m'thumba la malaya.
Chingwe chinatsitsa bokosi, kenako chinabwera kwanga.

Nyanja sindinaionebe.
Ndimangoimva kwa ogulitsa usipa
ndi m'bondo langa, lomwe nalonso layamba kulosera.

Dzulo pa depoti mnyamata wina
matumba ake a mtedza ankangotsetsereka pa njinga.
Ndinamulanda lamba, n'kumanga kamodzi.
Anakoka, anagwedeza, osasuntha.
"Mfundo imeneyi munaiphunzira kuti, madala?"
Ndinati, "Pamadzi."
Anayang'ana phiri, anayang'ana kamvuluvulu
akuvina ndi mapepala pakati pa msewu,
n'kuphulika kuseka.

Ndinamusiya aseke mpaka atatha.
Kenako ndinamasula mfundo ija,
ndinamuika lamba m'manja,
ndinati, "Bwereza."