Wachisanu

Inabwera pa lole ya matabwa yochokera ku Chikangawa,
itagona chammbali ngati ng'ombe yodwala,
tayala limodzi palibe, mpando atadya makoswe.
Bambo anaigula pamtengo wa zitsulo zakutha,
amvekere, tichotsamo mabawuti.
Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu.
Usiku womwewo ndinaikwera m'galaja mwathu ku Luwinga,
ndikuliza injini ndi pakamwa.

Zaka ziwiri tinakhala tikuidyetsa:
tcheni cha ku Taifa, pulagi ya njinga yakufa ya kabaza,
kabuleta amene a Mzumara anatipatsa pangongole,
moti mpaka lero akamadutsa pakhomo amatsokomola dala.
Tsiku limene inadzuka utsi unadzaza galaja,
agalu a aneba anathawira kudambo.
Bambo anapukutira manja pa ovolosi, duu,
kenaka: "Nkhwachi, usawauze amako."

Amayi anadzimvera okha. Luwinga yense anamva.

Loweruka ndimadzuka nkhungu isanachoke m'mapaini,
zala zitauma, mpweya ukuoneka pakamwa.
Bwalo lathu ndi maenje akale a njerwa kuseri kwa Dunduzu,
malire ake matayala akutha ndi matumba a utuchi.
Tilipo asanu ndi atatu. Mtsikana ndine ndekha.
Anzanga zawo zimabwera zitakwera ngolo, zonyezimira.
Yanga imafika itatopa kale, ine nditakhala pamsana pake.
Wopambana amatenga malita asanu a petulo
ndi ufulu wolongolola sabata yonse.

Ya matayala anayi si ya kabaza.
Pokhota sipendekeka nawe, imafuna kukutaya.
Umachoka pampando, thupi lonse kulendewera mkati mwa kona,
bondo kununkhiza dothi,
chala chachikulu chili pa moto mpaka kuchita dzanzi.
Izi sanandiuze munthu.
Anandiuza ndi matope ofiira a mwezi wa Epulo,
nditagona chagada, njinga ili pamwamba panga,
matayala akuzungulirabe ngati akuseka.

Mpikisano wachiwiri petulo anandithera pakati panjira.
Wachitatu ndinamaliza, womalizira,
anthu atayamba kale kugula chimanga chootcha.

Mukandifunsa chimene ndikufuna, sindinena chikho.
Ndikufuna chipewa chondikwana,
chosati ndizichita kupakira chitenje m'kati kuti chisagwedere.
Ndikufuna Yotamu Mfune, uja amati pita ukasinje,
tsiku lina alawe fumbi langa, alitafune bwinobwino.
Chaka chamawa ndikhale wachitatu, kamodzi kokha.
Ndikalemba Fomu 4 ndikaphunzire zamainjini,
kuti ikakhosomola ndizidziwa chaipweteka
ndisanaitane Bambo.
Ndiye Lilongwe, amati kumakhala mipikisano ya anthu ambiri.
Sindinapiteko. Ndalama ya lole ndikusunga m'chitini cha girisi,
yafika poti ingatifikitse pa Jenda.
Ndipo a Mzumara ndiwalipire, asiye kutsokomola.

Amayi za njinga salankhula.
Amachapa juzi yanga payokha, madzi atatu,
ndi kuiyanika kuseri, kosaona anthu a kutchalitchi.
Loweruka amati ali kumsika, pa tomato wawo.

Dzulo ndinalowa m'nyumba matope mpaka m'makutu,
chigongono chitasupuka, ndikuchibisa.
Anali pa mkeka, akuwerenga ndalama za tsikulo.
Sanadzutse mutu.
"Unali wachingati?"
Wachisanu.
"Mwa angati?"
Asanu ndi atatu. Koma mmodzi tcheni chinaduka.

Anamanga ndalama pakansalu, mfundo ziwiri.
Anayang'ana chigongono chija, nandikankhira botolo la sipiliti.
"Pa kona ya mulu wa njerwa paja," anatero,
"umafulumira kumanga mabuleki.
Mnyamata wa juzi yobiriwira amakupitira pomwepo nthawi zonse."

Ndinayang'ana pansi.
Kumapazi kwawo, m'mphepete mwa patapata,
munali dothi lofiira.
La kumsika ndi lakuda.